Ehsan m'Chipinda cha Mayi Kauser

Felista ndiye anagawa ntchito. Anali mkulu wa shifiti ya m'mawa panyumba yosamalira okalamba ku Wigston, ndipo Ehsan atayamba ntchito mu Marichi 2025, Ramadani ili mkati, anamupatsa chipinda cha Mayi Kauser kuti aziwasamalira. Anati onse ndi Asilamu, amvana. Mayiwo anali a ku Pakistan, Ehsan wa ku Uzbekistan. Kwa Felista konseko kunali kumodzi.

Ehsan analowa ndi madzi, napereka moni dzanja lili pachifuwa. Mayi Kauser, amene mutu unali utayamba kuwasokonekera, anamufunsa kwawo. Atangotchula, mayiwo anakuwa, natembenukira kukhoma. Kuyambira pamenepo anakana madzi ndi mankhwala.

Mwana wawo wamwamuna anafika masana, naimitsa Felista pakhomo.

"Ife kwathu ndi ku Wana, kufupi ndi malire a Afghanistan," anatero. "Zigawenga za Chiuzbeki zinathawira kumeneko Ataliban atagwa mu 2001. Mu Marichi 2007 anthu athu anamenyana nazo. Bambo anga anaphedwa amayi akuona. Munthu wanuyu achoke."

Mwanayo atapita kwa manejala, namwino Henderson, wakwawo kwa Felista, anapukusa mutu.

"Achemwali, mwatiputira mavu. Osafunsa kaye? Ndiye mukuti ine pamodzi ndi munthu wa ku Nigeria timadyera mbale imodzi poti tonse timapita kutchalitchi?"

"Musandiseke, achimwene. Amuchotsadi?"

"Adakali pa nthawi yoyesedwa ntchito. Visa yake yamangidwa pa ntchito ino, ngati yanu."

Felista anamupeza Ehsan kochapira, akupinda nsalu zopinda kale.

"Mu 2007 ndinali mwana wasukulu kwathu ku Namangan," anatero Ehsan, osadzutsa maso. "Koma mkulu wanga anapita kunkhondo ku Syria mu 2014. Sitinamvenso za iye. Apolisi ankabwera kwathu mpaka amayi anadwala. Akayamba kufufuza za banja langa kunonso, ndapita."

Felista analakalaka akanapanda kumva zimenezi.

Mu ofesi ya manejala Felista anafotokoza kuti Ehsan anangopereka moni, wom'tuma anali iye mwini, ndipo anapempha kuti amusamutsire kuzipinda zam'mwamba. Manejala anamuyang'anitsitsa.

"Pali china chokhudza iyeyu choti ndidziwe?"

Felista anaganiza za visa yake yomwe, ndi ana ake awiri kunyumba ku Beaumont Leys.

"Amagwira ntchito bwino," anatero.

"Chabwino, m'mwamba. Azidzera masitepe akumbuyo. Banja likadandaulanso, nkhani ipita kwa eni nyumba."

Madzulo Felista anagwada pafupi ndi bedi la Mayi Kauser, kapu ili m'manja. Mayi Kauser anamugwira mkono mwamphamvu.

"Apita?"

"Apita, amayi. Imwani."

Anamwa pang'ono. Kenaka m'chipinda cha pamwamba pawo, kumene anasamutsira Ehsan, munamveka mapazi a munthu akukankha bedi. Mayiwo anasiya kumeza, nakweza maso kudenga, kumvetsera.