Nyale Yomva Mawu a Khanda

Iyed ali ndi miyezi iwiri, agogo ake, Mayi Jalila, anampeza masana ena atalira mpaka mawu kusasa. Mayi wake, Sirine, anali kukhitchini akutsuka nsomba, osadziwa kanthu, chifukwa anabadwa wosamva. Tsiku lomwelo Mayi Jalila anauza mwana wawo Nizar, bambo wa Iyed, kuti khandalo alitenga akalilere kwawo, kutsidya lina la mzinda wa Sfax. Sirine anawerenga milomo ya apongozi akewo. Ananyamula mwana wake n'kukadzitsekera kuchipinda.

Mng'ono wake wa Sirine, Wiem, yemwe ankaphunzira zamagetsi kukoleji, anapempha Mayi Jalila kuti adikire kaye. Anali ndi printa yaing'ono youmba zinthu ndi pulasitiki, ndipo analonjeza kupanga nyale yoyaka yokha mwana akalira. Nizar anakondwa, koma anali paliwiro.

"Mlamu, zasukuluzo zisiye kaye," iye anatero. "Ingoikamo babu lalikulu lija la m'galaja, ulumikize kusoketi, iwale ngati kubwalo la mpira."

Wiem anamvera. Nyaleyo anaiika pambali pa kabedi ka mwana. Mawa lake pulasitiki inafewa ndi kutentha n'kuyamba kudonthera pansalu. Sirine anamva fungo lachilendo, anathamanga n'kumukwatula mwanayo. Palibe anapsa, koma Mayi Jalila ananenetsa kuti Lachisanu likubweralo adzabwera ndi galimoto kudzatenga mwanayo.

Wiem anatenga nyale yosungunukayo kupita nayo kwa aphunzitsi ake, Bambo Moncef. Sanamukalipire. Anamufotokozera kuti pulasitiki ya printa siigwirizana ndi babu lotentha, ndipo chofunika ndi timababu ta LED, todyera magetsi ochepa a chaja yabwino ya foni. Anamuuzanso kuti asiye timabowo topitira mpweya, ndiponso aiyese kaye masiku angapo pasimenti, kutali ndi mwana.

"Nanga mwini wakeyo munamufunsa kuti akufuna yotani?" iwo anafunsa.

Wiem anavomera kuti Sirine sanamufunse.

Atakamufunsa, Sirine anamuseka m'chinenero chamanja. Anati nyale yakuchipinda ilibe ntchito, popeza akakhala momwemo mwanayo amamuona ndi maso. Kuchipindako kukhale kachipangizo komvera kokha, ndipo nyale ikhale kukhitchini. Anafunanso kuti izimusiyanitsira kudandaula ndi kulira kwenikweni. Choncho Wiem anakonza kuti kuwala kuzitsatira mawu: akakhala apansi izioneka yachikasu, akakwera izifiira.

Tsiku loumba nyale yatsopano, Mayi Jalila anadzera kwa Wiem kuti akamuuze asiye zoseweretsa. M'malomwake anakhala pampando maso ali pa printa. Kaulusi ka pulasitiki kankayenda uku ndi uko, mzere pamwamba pa mzere, mpaka panatuluka chivindikiro cha maluwamaluwa ngati zitsulo za pazenera lawo. Anafunsa kangapo ngati mkatimo mulibedi munthu wouza makinawo kopita.

Lachisanu litakwana, Mayi Jalila anabwera ndithu. Wiem anawapempha kuti akhale pafupi ndi mdzukulu wawo, Sirine akaphike. Patapita nthawi Iyed anadzuka n'kuyamba kulira. Agogowo asanatule n'komwe kapu ya tiyi, Sirine anali atafika pakhomo akupukuta manja. Mayi Jalila anamuyang'ana pakamwa pali yasa.

Mwana atayamwa, Wiem anabweretsa nyale ija kuchipinda kuti aonetse Nizar kuti siitentha. Iyed anali chagada pakabedi, mayi wake atamuweramira. Mwadzidzidzi nyale inayamba kuphethira chikasu, chonsecho mwana sakulira. Sirine anakodola mng'ono wake kumuuza kuti yawonongekanso.

Wiem anapukusa mutu. "Sinawonongeke, achemwali. Akulankhula nanu."

Sirine ankaona tsiku ndi tsiku kakamwa ka mwana wake kakutseguka, koma sankadziwa kuti pamatuluka mawu ngakhale mwana ali wokondwa. Anamugirigisha pamimba. Nyale inavina. Kenaka Sirine anatulutsa mawu ake, amene ankachita nawo manyazi pamaso pa apongozi ake. Nyale inawala. Iyed anayankha, inawalanso.

Nizar anati alankhule, koma mayi ake anamugwira mkono, misozi ili mbwembwembwe.

"Khala chete iwe," ananong'ona. "Sukuona kuti akucheza? Mwana ameneyu sapita kulikonse."

Phunziro: Musanapangire munthu chomuthandiza, mufunseni mwini wake, pakuti ndiye akudziwa chomwe chikumusowa. Ndipo chipangizo chamagetsi chopanga nokha, chionetseni kwa odziwa, muchiyese kutali ndi ana chisanalowe m'chipinda chawo.