Dzanja la Kumanja kwa Amayi

Chikhulupiriro chinamuthawa mnyamatayo akusita malaya a kwaya. Panalibe bingu kapena mngelo wokwiya. Anangozindikira kuti nyimbo imene ankaing'ung'uza ikutuluka ngati mawu owerenga pa paketi ya sopo. Ali chiimire kudabwa, kolala inapserera.

Vuto linali la m'mawa. Kwawo asanabalalike ankaima mozungulira tebulo atagwirana manja. Amayi ankayamba pemphero, akatha n'kufinya dzanja la wa kumanja kwawo kuti apitirize. Wa kumanjayo anali iye, kenako mlongo wake, bambo n'kutsekera.

Anaganiza zowauza amayi zoona. Anayeserera pagalasi la kubafa, ndipo galasilo linagonja pa mfundo zake zonse. Munthu woti m'basi amapitirira potsikira chifukwa cha manyazi ouza kondakitala, lero ati atsutse Mlengi wa kumwamba ndi dziko lapansi!

M'mawa mwake amayi anapempherera odwala ndi a paulendo, n'kufinya. Mfundo zonse zija zinatsalira kubafa. Iye anangofinya dzanja la mlongo wake kuti pemphero limudumphe. Mlongoyo anabweza. Anafinyanso. Mlongoyo anamutsina.

"Achimwene, tiyi akuzizira," ananong'ona.

"Musiye," anatero amayi ali chitsinzinire. "Mzimu sufulumizidwa."

Kuyang'ana amayi kunamukanika, choncho analankhula maso ali otseka, ndi mawu omwe aja opempherera.

"Ine sindikudziwa ngati muliko. Ndayesetsa, koma ndikamayankhula ndimangomva firiji. Basi."

Firijiyo inalira ndithu, ngati mboni. Bambo anatsokomola n'kutseka pemphero mothamanga, osadikira n'komwe mwana wamkazi.

Anthu atatuluka, amayi anamupeza akutsuka makapu amene anali otsukatsuka kale. Iye anadikira misozi, kapena abusa. Mumtima anali atalongedza kale chikwama.

"Ndiye nkhani yoti undiuze ine wakauza amene ukuti kulibeyo?" anafunsa amayi.

"Inuyo mumaopsa kuposa iwo, amayi."

Amayi sanaseke. Anatenga kapu, n'kuipukuta nthawi yaitali.

"Zandipweteka, mwanawe, ndisaname. Kupemphera sindikukakamiza. Koma ukachoka pamalo pako, dzanja langa lifika bwanji kwa mlongo wako? Tebulo lija ndi lalikulu."

Tsiku lotsatira anaima pamalo pake. Amayi atafinya, iye anapereka kwa mlongo wake osanena kanthu, ngati waya wongodutsitsa magetsi a eni. Mlongoyo anapempherera mayeso ake, kenako "achimwene amene asokonekera mutu", ndipo pa mawu amenewo anamutsinanso.

Onse anati ameni. Iye sanatero. Dzanja la amayi linachedwa pang'ono kumusiya, ndipo iyenso sanafulumire kulichotsa.