Akapitawo Agwira Fomu ya Mwini

Patatsala masiku anayi kuti webusayiti ya chipatala cha amayi itsegulidwe, Akapitawo anasiya kupereka moni kwa Kamphepo. Iwo ndiwo ankayang'anira anthu atatu omanga webusayitiyo. Kamphepo, mtsikana amene anapatsidwa dzinali chifukwa cha liwiro la zala zake pa kompyuta, ndiye anakonza fomu yoti odwala azipemphera tsiku loonana ndi dokotala.

Nsanje inayambira pa msonkhano woonetsa ntchito. Namwino wamkulu wa chipatalacho atayesa fomuyo pa foni yake, analambalala Akapitawo n'kukagwira Kamphepo chanza ndi manja awiri. Akapitawo anamwetulira, koma mtima ukuwawa. Kale ankamanga okha mawebusayiti. Tsopano yawo inali misonkhano ndi kukumbutsa anthu masiku.

Atadandaulira mlamu wawo, iye anangokolezera moto. "Alamu, kamwana kameneka kakulandani mpando muli maso. Kaonetseni kuti anayamba kuona dzuwa ndinu."

Mawa lake masana, ena atapita kukadya, Akapitawo anatsegula fomu ija n'kuisintha kuti izioneka ya dzanja lawo. Sanaiyese, sanauzenso munthu.

Webusayiti inatsegulidwa. Kwa masiku atatu fomu inkayankha odwala kuti pempho lawo lalandiridwa, chonsecho kuchipatala sikunkafika kanthu. Tsiku lachinayi amayi khumi ndi awiri anapezeka pa benchi kuchipatala, mayina awo palibe pa mndandanda. Wina woyembekezera, amene anachita kupempha tchuthi kuntchito, anabwerera osaonana ndi dokotala.

Namwino uja anafika ku ofesi nkhope ili gwaa, ndipo onse anayang'ana Kamphepo. Mtsikanayo anatsegula pamene kompyuta imasunga mbiri ya aliyense wosintha kanthu. Ataona dzina, anatembenuzira sikirini kwa Akapitawo okha. Iwo anavomera pamaso pa onse kuti olakwa ndi iwowo.

Namwinoyo anawaitanira pakhonde. "Bambo, ine ndimayang'anira anamwino asanu ndi mmodzi," anatero motsitsa mawu. "Pali wina amabaya jakisoni mwana osalira n'komwe. Ine sindingathe. Ndiye ndimulande singano? Ndimamuika kwa ana, wodi yanga n'kumatamandidwa. Inu ntchito yanu ndi kugawa ntchito, kuiyesa, ndi kuteteza anthu anu."

Kamphepo anabwezeretsa fomu pasanathe theka la ola. Akapitawo anakhazikitsa lamulo loti chosintha chilichonse chiziyamba chaonedwa ndi munthu wachiwiri, kuyambira chawo chomwe. Madzulo a tsikulo anapita kuchipatala, nakhala pambali pa namwino uja pamene ankaimbira amayi aja. Foni ikangolowa, ankailandira n'kupepesa okha, mmodzimmodzi.

Phunziro: Luso la amene ukumuyang'anira si mdani wako. Woyang'anira akayamba kupikisana ndi anthu ake, amene amavutika ndi osalakwa.