Mapewa a Achimwene

Mwana wa achimwene anga timamutcha Kamaso, chifukwa kuyambira ali wamng'ono ankatha kukuyang'anitsitsa mpaka iwe kudzifufuza ngati wavala malaya motembenuza. Lero ndi bwana wopanga mafilimu, dzina lake pa wailesi amalitchula mochita kunyambita. Kwa ine akadali Kamaso yemwe ndinkamupukuta mamina.

Mwezi watha anatumiza galimoto kudzanditenga. Akuti ku holo ya m'tauni akuonetsa mafilimu ake atatu oyambirira, aja anajambula ndi kamera yobwereka asanamere ndevu. Mulibe ochita sewero mmenemo, ndi anthu enieni ali pa ntchito zawo. Yoyamba ndi ya amayi osesa mumsika, yachiwiri ya onyamula katundu pa depoti, yachitatu ya bambo ake, achimwene angawo, akusoka nsapato pakhonde la sitolo.

Ine ndinapitira yachitatuyo. Achimwene anatisiya zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, ndipo kuseka kwawo kwayamba kundithawa. Nkhope ndili nayo pachithunzi. Koma kasekedwe kaja, kokoka mpweya ngati pampu ya njinga, ndikati ndikakumbukire, m'makutu mumangoti zii. Ndinkadziwa kuti m'filimumo kalimo, poti masiku onse asanu amene Kamaso ankajambula ndinali pomwepo, nditakhala pachitini kuseri kwa kamera, ndikuwaseketsa. Filimuyo ndinali ndisanaionepo. Kale ankaionetsa kutali, kumene ife a zidendene zong'aluka sitifikako.

Tinalowa masana dzuwa likuswa mtengo, koma mkatimo munali mdima ndi kuzizira ngati mosungira maliro. Mipando yake yopindika yokha, ukadzuka pang'ono imakuluma chitenje. Kutsogolo kunaima bambo wina wa magalasi n'kuyamba kutamanda. Akuti mafilimuwa atatuluka, akuluakulu a mzinda anasiya kuthamangitsa osoka nsapato m'makonde, osesa aja anawagulira majombo, ndipo mpaka lero ana asukulu zapamwamba amaphunzirirapo kujambula.

"Makamaka yachitatuyi," anatero. "Muona bambo wofatsa, amene umphawi unamutseka pakamwa."

Ndinamugunda Kamaso ndi chigongono. "Akunena ndani? Bambo ako, aja ankalongolola misomali ili m'kamwa?"

"Azakhali, chonde."

Ziwiri zoyambazo, ndisaname, mwanayu anali ndi maso. Anajambula mayi wina akuwongola msana atamaliza kusesa, pang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno, mpaka wanga womwe unayamba kuwawa. Mumsika ndapitamo moyo wanga wonse, koma mayi wotero ndinali ndisanamuyang'anepo.

Kenako khonde lija linatulukira pachinsalu. Bokosi la zida, kachitini ka guluu, mulu wa nsapato zopanda anzake. Manja a achimwene, ndi chala chija anachiphwanya ndi nyundo. Ndinatchera khutu.

Nyundo inkamveka, go, go, go. Galimoto zikudutsa. Kenako gitala wachisoni, wolira ngati mwana wosiyidwa pakhomo. Achimwene akusoka, akumata, akuyang'ana kumsewu. Pakamwa ali tsekee. Ndinati mwina kutsogoloku. Kutsogoloko n'chimodzimodzi.

Chakumapeto anatola nsapato yofiira ya mzimayi, n'kuweramira pansi mpaka nkhope kubisika. Mapewa anayamba kugwedera. Kamera inakhala pamapewapo nthawi yaitali, gitala akukwera. Mayi amene anakhala pambali panga anatulutsa kampango. Holo yonse fwenthe, fwenthe.

Anthu inu, munthu uja sankalira. Ndinalipo ine. Kamaso anali atangotikalipira kuti, "Bambo, musaseke, mukundithera tepi!" Ndiye ine ndinalankhula kanthu kena chapansipansi, iwo n'kubisa nkhope kuti mwana wawo asaone. Pamene paja ankafa nako kuseka.

Magetsi atayaka anthu anaimirira n'kuwomba m'manja. Ena ankabwera kudzandigwira dzanja, amvekere pepani, bambo aja anavutika. Ine ndinangomukoka Kamaso jekete mpaka pakhonde, pafupi ndi zimbudzi.

"Iwe, mawu a bambo ako unawaika kuti?"

"Ndinadula, azakhali."

"Unadula? Ngati chikhadabo?"

"Paliponse pamene ankaseka, inu mumamveka kumbuyo. Pena mukunena za mimba ya mwini sitolo, pena za mapazi a kasitomala." Kamaso anavula magalasi ake n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi. "Komanso ndinkafuna anthu amve chisoni. Akanaona munthu akuseka, akuluakulu aja sakanasintha kanthu."

"Chabwino, wanzeru iwe. Zodulazo undipatse. Ine sindine wamkulu wa mzinda."

Maso aja kwa nthawi yoyamba anathawa anga.

"Zinali m'katoni, m'kachipinda kamene ndinkagona nthawi ija. Denga linkadontha. Pamene ndinkadzatsegula n'kuti zitamatana, zitachita nkhungu. Ndinataya."

Ndinafuna kumutukwana. Munthu wa imvi zake, mphoto zodzaza kabati, anaima pamenepo ngati waswa kapu ya alendo.

"Nanenso ndinaiwala mmene ankasekera," anatero. "Ndaionera filimuyi kambirimbiri, moti masiku ena ndimakhulupirira kuti ankaliradi. Azakhali, munanena chiyani tsiku lija?"

Ndinafufuza m'mutu monse. Nsapato yofiira ndikuikumbuka, chitini chimene ndinakhalira ndikuchikumbuka, chinandisiyira mzere kumatako. Koma mawuwo, ayi.

"Zinali za akulu," ndinatero. "Ukadzakula ndidzakuuza."

Sanaseke. M'galimoto pobwerera ndinayesa kumuchitira kasekedwe kaja, kukoka mpweya ngati pampu, koma chinatuluka ndi chifuwa basi, mpaka dalaivala anandipatsa madzi.

Kamaso anandiikira filimuyo mufoni, n'kundiphunzitsa pokanikiza. M'mawa ndikatha kusesa ndimaimika foniyo pabotolo la mafuta, n'kuithamangitsa mpaka pa nsapato yofiira. Gitala uja ndimamutsekera pakamwa. Ndiye ndimayamba: za mimba ya mwini sitolo, za mlamu wawo wa mano atatu, zonse zimene ndatsala nazo. Achimwene amawerama, mapewa n'kugwedera, nthawi yake yomweyo. Ine ndimasendeza khutu pafupi n'kudikira.