Chimbale cha ku Yanji

Aka kanali kachitatu sabata imeneyo kuti Ryom Sun-ok alowe m'kasitolo ka bambo Pyo, manja akununkha adyo. Anali atazemba kumalo odyera kumene ankatsuka mbale, atanamiza abwana kuti akukagula mankhwala a mutu.

Chimbale cha kanema chimene ankalondolacho chinachokera kwawo ku Yanji, ku China. Munali ukwati wa mwana wake yekhayo, Chol-min, umene iye sanapiteko. Chitupa chake chokhalira ku Korea chinali chitatha kalekale, ndipo akanangotuluka m'dzikomo sakanamulolanso kubwerera. Chimbale chitafika ku Ansan, tauni ya ku Korea imene ankakhala, anachiika m'makina a mnzake. Ng'oma ndi kuseka zinkamveka, koma zithunzi zinkangogubuduzika, mitu ya anthu ikuthawira m'mwamba.

Bambo Pyo, okonza mawailesi, anamuuza kuti kanema wa ku China ndi wa ku Korea sawerenga zithunzi mofanana, kotero chimbalecho chinafunika kuchitembenuza ndi kuchikopera pa china. Anati abwere Lachitatu. Lachitatu anati makina atentha. Tsopano linali Lachisanu, ndipo iwo ankangopukuta magalasi awo, osamuyang'ana.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi," anatero.

"Nkhono yanuyo inafa kale, bambo. Ndipatseni chimbale changa ndipite kwina."

Bambo Pyo anakanda m'mutu. Kenako anavomera kuti ntchito inatha Lachiwiri, ndipo anaonera chimbale chonse pofuna kutsimikiza kuti mawu akuyenda limodzi ndi milomo. Anamukokera kampando, n'kutembenuza kanema kuti odutsa pamsewu asaone.

Sun-ok sanakhale pansi. Chol-min atatulukira, wonenepa, tayi itapendama, mayiyo anaseka n'kugwira galasi la kanema. Anayamikira mkwatibwi kuti ndi wa nkhope yofatsa. Ankatchula achibale mmodzimmodzi, uyu wakalamba, uyu akadali chidakwa, ngati kuti bambo Pyo ankawadziwa.

Ndiye inafika nthawi yoti akwati agwadire makolo. Mwamuna wa Sun-ok anali atakhala kuseri kwa tebulo lodzaza zipatso. Pambali pake, pamalo a mayi a mkwati, panali mzimayi wovala diresi lobiriwira, akumukonza kolala. Woyendetsa mwambo anafuula kuti akwati agwadire bambo ndi mayi.

Sun-ok anamuzindikira. Anali Myong-hwa, wamasiye wogulitsa nsomba zouma pamsika wa kwawo.

"Ndikhoza kudula pamenepa," anatero bambo Pyo chapansipansi. "Palibe angadziwe."

"Bwezani m'mbuyo."

Anabweza. Sun-ok anayandikira mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza galasi. Sankayang'ana mzimayiyo kapena mwamuna wake, koma mwana. Chol-min anagwadira bambo ake mpaka chipumi kugunda pansi. Potembenukira kwa Myong-hwa anaima kaye, manja ali lende. Bambo ake atamutong'olera maso, anangopinda khosi pang'ono n'kudzuka.

Sun-ok anauza bambo Pyo abwezenso, ndipo anaonera malo omwewo kanayi.

"Mwaona? Chipumi sichinafike pansi," anatero.

Bambo Pyo anati aona. Anayesa kumutonthoza kuti mwina achibale anangofuna wina wodzaza mpando. Anaika zimbale ziwirizo m'envulopu, chakale ndi chatsopano, n'kumupatsa ndi manja awiri.

Sun-ok anayenda mpaka kumapeto kwa msewu, n'kubwerera, n'kupitanso. Analowa m'kanyumba ka telefoni, anayimba theka la nambala ya kunyumba, n'kuika foni pansi.

Atafika kuntchito anapeza mbale zitaunjikana, abwana ake mayi Chu akukalipa kuti mankhwala a mutuwo amakawagula kutali ku Busan kapena. Sun-ok anatsegula mpopi, n'kuwauza kuti ayambe kufunafuna wina wotsuka mbale, chifukwa iye mwezi ukatha achoka.

"Wapeza kwabwino kuti?" anafunsa mayi Chu.

"Kwathu," anayankha Sun-ok, akutola mbale yoyamba.