Chilungulira cha Achimwene

Atabwerera kwawo patatha zaka makumi awiri akusamalira nkhalamba za eni m'zipatala zakunja, mayi wina anapeza kuti mawu ake pakhomo salemeranso. Pamaliro a mayi awo sanabwere, ndipo mlongo wake wamkulu, telala wa pakhonde la sitolo, anali asanaiwale.

Telalayo ndi chilungulira anali paubwenzi wakalekale. Akadya n'kuweramira makina, moto unkakwera kuchokera m'mimba, madzi owawasa n'kufika kukhosi. Ankasungunula soda m'kapu, kugeya kawiri, basi ntchito n'kupitirira.

Koma m'mawa umenewo anali asanalawe kanthu. Anangonyamula makina kuwatulutsa pakhonde, n'kukhala pansi thukuta lili kamukamu. Soda anamwa kawiri, osaphula kanthu. Mayiyo atafunsa ngati pamtima pakutentha, iye anati ayi, pakungofinya ngati wina wamukhalira pachifuwa, ndipo ululu ukuyenderera mpaka kunsagwada. Sizasi inapulumuka m'dzanja lake lamanzere.

"Achimwene, ichi si chilungulira. Ndi mtima uwu. Tiyeni kuchipatala pompano."

"Mwamva, mayi a ana? Adokotala afika," telalayo anauza mkazi wake. "Thupi ndi langa, koma olidziwa ndi iwo amene anatitaya."

Mkaziyo anaseka chamumtima, nakumbutsa mlamu wake kuti suti ya mkwati ikufunika mawa, ndipo kuchipatala sasoka suti.

Mayiyo sanalimbane nawo. Anaimitsa takisi, anakokolola nsalu ya sutiyo patebulo, zidutswa zodula kale ndi choko chomwe, n'kukakhala nazo m'galimoto. Telala salola nsalu ya kasitomala kuchoka ndi munthu wina. Motero telalayo analowa m'galimotomo akutukwana, mpweya ukumuperewera, mayiyo n'kutseka chitseko.

Kuchipatala sanamuimike pamzere. Atamuyeza, dokotala anati mtsempha wa mtima unali kutsekeka, ndipo akanadikira mpaka madzulo bwenzi nkhani ili ina.

Anagonekedwa masiku asanu ndi anayi. Mayiyo ankapita tsiku lililonse, telalayo n'kumatembenukira kukhoma. Tsiku lotuluka, akuyala bedi la wodwalayo kunyumba, mayiyo anamva mlamu wake panja akuuza anansi kuti bambo akunyumba chibadwire anali asanagonepo m'chipatala, zonsezi zayamba atangofika achemwali awowa.

Anamaliza kuyala, n'kusanjikiza mapilo awiri kumutu kuti munthuyo azidzapuma bwino.