Chithunzi cha Nomsa pa Mbaula

"Usagwedeze mutu, Nomsa," anatero a Benedicto, burashi ili m'manja. Linali tsiku lachinayi mwanayo akukhala pampando m'mawa uliwonse, ine ndikumunyengerera ndi mbatatesi yokazinga.

Elena mwana wanga, ndikufuna nkhaniyi uimve kwa ine, osati kwa anthu. Unapempha chithunzi cha mwana wako chopaka ndi manja, chonga cha oyera a kutchalitchi, kuti ukachipachike kumene ukugwira ntchito ku Joniko. A Benedicto, aja amakonza zithunzi za kuparishi, anachijambula pa kathabwa kolingana ndi buku la nyimbo. Anamaliza Lachinayi.

"Mayi, penti wamafuta sauma msanga," anandiuza. "Ndi chisanu cha Juni chino, mumupatse sabata ziwiri."

"Ziwiri? A Timoteyo, otenga katundu wa ku Joni, akunyamuka Loweruka pa Chimbiya."

"Chidzapita ulendo wina."

"Chimanga cha munda wonse timaumitsa, nanga kathabwa?"

Anachoka akupukusa mutu. A Mervis, oyandikana nafe, anasuzumira chithunzicho n'kubwerera m'mbuyo. "Chafanana naye kwambiri. Nkhope ikalowa m'thabwa chonchi, mwini wake amafooka." Ndinawauza kuti akaphike ndiwo.

Lachisanu kunacha ndi nkhungu yoti sungaone khola la mbuzi. Ndinakoleza makala pambaula, ndinailowetsa kuchipinda, ndinatsamiritsa chithunzi pampando pafupi nayo. Ndinatseka zenera, ndinatseka chitseko, pansi pake ndinatsekapo thumba kuti kutentha kusathawe. Nomsa ndinamusiya kwa a Mervis, ine n'kutsikira kudimba.

Nditabwerako masana, a Mervis anali akuzungulira nyumba akuitana dzina lake. Ndinaona thumba lija litasuntha. Ndinakankha chitseko cha kuchipinda.

Nomsa anali chigonere pamphasa, pansi pa chithunzi, chitseko atadzitsekera yekha. Anapita kukacheza ndi "mnzake", monga ankachitchulira. Ndinamugwedeza, mutu unangogwera kumbali. Masanzi anali pa phewa. Manja anali lende ngati nsalu yonyowa. Pamwamba pake nkhope yomweyo inkandiyang'ana, maso ali gwa, masaya onenepa.

"Ndinanena ine," a Mervis analira ali pakhomo. "Chiponyeni pamoto, chitibwezere mwana."

Sindikubisa, dzanja langa linafika pa kathabwako. Koma pomwepo mutu unayamba kundiwawa, makoma akuzungulira. Ine palibe anandijambula. Ndinayang'ana mbaula.

"Tsegulani zenera, kaitaneni wa kabaza," ndinawauza a Mervis.

Ndinamutulutsa panja, ndinamubereka ndi zitenje ziwiri. Njira yonse njinga yamoto inkayenda pang'onopang'ono chifukwa cha nkhungu. Dzanja langa linali kumbuyo, litagwira kaphazi kake, kozizira. Ndinayesa kupemphera Tikuoneni Maria, ndinkangothera pakati n'kuyambanso. Ndinkaganiza za mawu amene ndidzakuuze pafoni, osawapeza.

Kuchipatala anamuika chopumira kumphuno. Namwino, mtsikana wamng'ono kwa iwe, anandifunsa osandiyang'ana: "Agogo, makala m'chipinda chotseka? Mukanachedwa pang'ono, bwenzi tikunena zina." Dzuwa likupendeka Nomsa anatsegula maso, n'kupempha madzi.

Tsopano akusewera, akudya. Dzulo ndinamuzazira chifukwa chothamangitsa anapiye. Chithunzi chili pamwamba pa kabati, chikuuma chokha. Pa tsaya lakumanzere pali chidindo cha kachala, pamene anachisisita asanagwe. A Benedicto amafuna kupakonza, ndawaletsa. Chibwera ndi a Timoteyo mu Ogasiti chili choncho.

Ndikumva kuti kumeneko nako kumazizira, ndipo mumawotha makala m'tizipinda ta malata. Ukadzamutenga mwanayu, mbaula izikhala panja, zenera lizikhala lotsegula. Ndipo wodziwa ntchito yake akadzakuuza kuti dikira sabata ziwiri, udzadikire. Umulere bwino kuposa mmene ndinachitira ine amako tsiku limenelo.